Heji ya privet: ku UK amaigula, ku Joni amaizula, zikutheka bwanji?

Pali kamtengo kena kamene kakuzunguza anthu mitu, makamaka abale athu amene akugwira ntchito za m'gadeni ku Joni ndi ena amene akukhala nyumba za renti ku UK. Dzina lake ndi privet. Munthu ali ku Birmingham kapena ku Leeds amangolowa mu shopu ya mbewu n'kugula timitengo take mtolo wonse kukabzala kutsogolo kwa nyumba popanda womufunsa, pomwe mnzake ku Pretoria bwana akumuuza kuti mtengo womwewo auzule ndi mizu yomwe chifukwa boma silikuufuna. Wina wamva kuti ndi wapoizoni, wina wamva kuti neba atha kukakuneneza ku khonsolo chifukwa cha heji yako yomwe, wina akudabwa kuti heji yake yangouma mbali imodzi chikhalirecho amathirira. Zonsezi n'zoona ndithu, kungoti chilichonse ndi choona pamalo pake, ndiye tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Privet ameneyu ndi chiyani kwenikweni

Privet si mtengo umodzi ayi, ndi banja la mitengo ndi zitsamba pafupifupi mitundu 50 imene akatswiri a zomera amaitcha Ligustrum, ndipo ndi pachibale ndi mtengo wa azitona komanso jasmine. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa. Kuno kummwera kwathu kuno palibe privet wachilengedwe, aliyense amene mungamuone anachita kubwera ndi anthu.

Pa mitundu yonseyo imene imatchulidwatchulidwa ndi inayi. Ligustrum vulgare ndi wa ku Ulaya, amamera yekha m'tchire ku England ndipo ndi amene ankapangira maheji kalekale. Ligustrum ovalifolium anachokera ku Japan ndi Korea, masamba ake ndi obulungira pang'ono ndipo sayoyoka msanga kukazizira, ameneyu ndiye wadzaza m'misewu ya ku UK lero. Ligustrum sinense ndi wa ku China wa masamba ang'onoang'ono, ndipo Ligustrum lucidum, wa ku China yemweyo, ali ndi masamba akuluakulu onyezimira ndipo iyeyu ndi mtengo weniweni wofika mamita 10 kapena kuposa ukausiya. Mayina achilatiniwa ndi otopetsa inde koma muwasunge, chifukwa malamulo a mayiko amalemba amenewa, ndipo pa kapepala ka ku nazale ndi amenewa amakuuzani chimene mukugula.

Apa ndichenjeze kaye za kusokoneza kumodzi. Heji yachikasu imene timaiona m'mageti ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre nthawi zambiri imakhala duranta, osati privet, ngakhale kuti kuli privet wachikasu yemwe amafanana nayo ukaonera patali. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta zikachita maluwa: duranta amatulutsa maluwa a buluu mofiirira ndi tizipatso tachikasu ngati lalanje, pomwe privet maluwa ake ndi oyera a fungo lamphamvu ndipo tizipatso take tikapsa timada bii.

Heji ndi mtengo umene ukuletsedwa kukula

Mfundo imene imamasula nkhani yonseyi ndi iyi: privet sanabadwe ngati khoma lobiriwira la makona anayi. Ndi chitsamba chofuna kukwera m'mwamba, kuchita maluwa, kubereka n'kufalitsa ana ake, ndipo chimene timachitcha heji ndi chitsamba chimenecho chikamaletsedwa chaka ndi chaka ndi sizasi. Amene munadutsapo m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje mwaziona kale izi. Tiyi naye ndi mtengo woti ukausiya umatalika kupitirira nyumba, koma chifukwa nsonga zake zimathyoledwa pafupipafupi amangotambalala n'kukhala thebulo lofika m'chiuno. Heji imagwira ntchito mwa njira yomweyo.

Chimene chimachitika mkati mwa mtengomo ndi chakuti nsonga ya nthambi iliyonse imapanga timadzi totchedwa auxin, timene timatsikira m'munsi n'kumagoneka timaso ta m'mbali kuti tisaphuke, ndiye mphamvu zonse zimapita kunsonga ndipo mtengo umatalika. Asayansi awiri, Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, ndi amene anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1930 poyesa pa mbewu za nyemba. Mukadula nsonga ija timaso ta m'mbali timadzuka, pamene panali nthambi imodzi pamatuluka ziwiri kapena zitatu, mukadzadulanso zimenezo nazonso zimagawikana, mpaka heji imathithikana moti ngakhale nkhuku imavutika kudutsa. Privet amatchuka chifukwa amapirira kudulidwa kotereku kuposa mitengo yambiri, olo mutamudula mpaka kutsala zitsa amaphukanso, ndipo pa chaka amatha kuonjezera masentimita 30 mpaka 60 ngati nthaka ili bwino.

Ndiye chifukwa chake malangizo a kabzalidwe amamveka ngati nkhanza kwa munthu woyamba kumene. Ku UK timitengo totchipa timagulitsidwa topanda dothi kumizu, kuyambira Novembala mpaka Malichi pamene mitengo ili m'tulo chifukwa cha kuzizira. Amakumba ngalande osati timayenje, kuthiramo manyowa owolerana, n'kubzala motalikirana masentimita 30 mpaka 45, kapena mizere iwiri yolumphana ngati akufuna heji yonenepa. Akamaliza kubzala amadula timitengo tija pafupifupi theka kapena kupitirira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri mtima umawawa, wagula mtengo wofika m'chiuno ndi ndalama zako ndiye akuti udule utsale wofika m'bondo. Koma amene amaumva chisoni ndi amene pakatha zaka zitatu amakhala ndi heji ya masamba kumwamba kokha, kunsi kuli miyendo yokhayokha agalu akungodutsa. Nthambi za m'munsi zimapangidwa chaka choyamba ndi chachiwiri, zikalephereka pamenepo kuzibweza kwake n'kudulanso heji yonse pansi n'kuyambiranso.

Heji ikakula imafuna kumetedwa kawiri kapena katatu pa nyengo imene ikukula, ndipo odziwa ntchito amakoka chingwe kuti mzere uwongoke komanso amameta mopendeka pang'ono, kunsi kotambalala kumwamba kowonda, kuti dzuwa lizifika masamba a m'munsi. Mukameta mosemphanitsa, kumwamba kukhale kotambalala, heji imadzitchinga yokha ndipo kunsi kumayoyoka. Kuchulukitsa privet ndiye sikufuna sukulu, kanthambi kodula kotalika ngati pensulo mukakazika m'dothi lachinyezi kamagwira mizu, n'chifukwa chake anthu ambiri sagula n'komwe amangopempha kwa neba. Choipa chake n'chakuti mizu yake ndi yadyera, imayamwa madzi ndi chakudya chonse chapafupi, moti maluwa kapena ndiwo zamasamba zobzalidwa m'tsinde mwa heji zimangonyozoloka.

Mmene anadzazira ku Britain, ndi malamulo a kumeneko

Privet wa ku Japan uja anafika ku Britain m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene mizinda ngati London ndi Manchester inali yakuda ndi utsi wa malasha ochokera m'mafakitale ndi m'nyumba. Mitengo yambiri yokongola inkafa ndi utsiwo koma privet ankapirira, ankamera m'dothi lililonse, pamthunzi ndi padzuwa pomwe, komanso anali wotchipa. Pamene makhonsolo ndi makampani ankamanga nyumba zambirimbiri zofanana kunja kwa mizinda m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, heji ya privet ndi imene inkaikidwa ngati malire a kagadeni ka kutsogolo. Kenako pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linazula mipanda yachitsulo ya m'nyumba zambiri kuti zitsulozo zithandize pa nkhondo, ndiye m'malo ambiri chotchinga chotsala chinali heji basi. Anthu ena kumeneko amaiona ngati chizindikiro cha moyo wotopetsa wa m'malokeshoni a anthu apakati, ena amaikonda chifukwa imatchinga maso a odutsa, fumbi ndi phokoso la msewu, komanso mpheta zimabisalamo.

Kumeneko privet ndi wololedwa, palibe lamulo loletsa kubzala. Malamulo amene alipo ndi okhudza kukhala bwino ndi anzako, ndipo atatu ndi amene amakhudza munthu wamba. Loyamba lili mu gawo 8 la Anti-social Behaviour Act ya 2003, limene linayamba kugwira ntchito ku England mu 2005. Limati ngati heji ya mitengo yosayoyola masamba, kapena yoyoyola pang'ono chabe ngati privet, yapitirira mamita 2 ndipo ikutchinga kuwala kapena kusokoneza neba kusangalala ndi nyumba yake, nebayo atha kukadandaula ku khonsolo. Anthu ambiri amamva molakwika kuti heji yopitirira mamita 2 ndi mlandu, ayi sichoncho, mlandu umayamba pokhapokha wina akadandaula, ndipo khonsolo imafuna umboni woti munayesa kukambirana kaye, nthawi zambiri imalipiritsanso wodandaulayo. Ikagamula imatha kulamula kuti heji ifupikitsidwe koma singalamule kuti izulidwe kapena kuti itsike kuchepera mamita 2. Lamuloli kwenikweni linabwera chifukwa cha mtengo wina wotchedwa leylandii umene umakula ngati wamisala ndipo unadanitsa maneba ambiri, privet anangolowamo chifukwa tanthauzo la lamulolo limamukwana. Ku Scotland kuli lamulo lawolawo la 2013.

Lachiwiri ndi la misewu, Highways Act ya 1980, limene limapatsa khonsolo mphamvu yokulemberani kalata kuti mudule heji imene yasefukira panjira ya anthu oyenda pansi, mukapanda kutero amadula okha n'kukutumizirani bilu. Lachitatu ndi Wildlife and Countryside Act ya 1981, limene limati kuononga dala chisa cha mbalame yakutchire chimene chikugwiritsidwa ntchito ndi mlandu, n'chifukwa chake amalangiza kuti kuyambira Malichi mpaka Ogasiti muziyamba mwasuzumira mu heji musanayatse mashini. Kwa amene muli pa renti, onaninso pepala la mgwirizano wanu ndi landilodi, chifukwa nthawi zambiri kumeta heji amakuika m'manja mwa wokhala m'nyumbayo ndipo ndalama ya dipoziti imatha kudulidwa pa nkhani ngati imeneyi.

Chomera cholanda malo n'chiyani, ndipo Joni yalowa bwanji

Chomera chachilendo ndi chilichonse chimene chinabwera kuchokera kwina, chimanga chomwechi ndi chachilendo paja chinachokera ku Mexico. Chimasanduka cholanda malo pamene chathawa m'munda kapena m'gadeni, n'kuyamba kudzibzala chokha m'tchire mpaka kupitikitsa zomera za eni dera. Ife tikuchidziwa bwino chitsanzo chake, lantana, amene anachokera ku America ngati duwa lokongoletsa ndi la mpanda koma lero wadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'madambo.

Privet amathawa kudzera mu mbalame. Mtengo umodzi waukulu umabereka tizipatso tambirimbiri m'nyengo yozizira pamene chakudya china chasowa, mbalame zimadya n'kukasiya njere mu zitosi kutali, kawirikawiri m'mphepete mwa mitsinje ndi m'nkhalango. Mbande zake zimapirira mthunzi ndiye zimamera pansi pa mitengo ina n'kumadikira, zikakula zimapanga denga la masamba losayoyoka chaka chonse moti pansi pake mbande za mitengo yachilengedwe sizionanso dzuwa. Ukadula chitsa chimaphuka, mizu nayo imatulutsa ana. Muona kuti makhalidwe onse amene tinawayamikira pa heji aja, kupirira mthunzi, kukula msanga, kuphukanso ukadulidwa, kumera paliponse, ndi omwewonso akumupangitsa kukhala wovuta kuthana naye akalowa m'tchire. Ku Britain kuzizira kumamugwira mwendo ndipo kuli tizilombo tomudya timene tinazolowera privet wa komweko, koma kumadera ofunda a mvula yabwino palibe chomuletsa.

Ku United States privet wa ku China analowa mu 1852 ngati chokongoletsa, lero wadzaza m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje ku Georgia, Alabama, Mississippi ndi madera oyandikana nawo. Chosangalatsa n'chakuti ku Georgia komweko bwalo la mpira la University of Georgia, Sanford Stadium, limanyadira heji ya privet yozungulira bwalo imene inabzalidwa mu 1929, moti ataichotsa kuti pachitikire mpira wa Olympics ya 1996 anadzabzalanso ina yochokera ku nthambi za yoyamba ija. Mtengo womwewo ukulondedwa m'bwalo, kunja kwa mzinda anthu akulimbana nawo ndi zikwanje. Ku New Zealand kugulitsa Ligustrum lucidum n'koletsedwa, ku New South Wales ku Australia ali m'gulu la zomera zosafunika, ku Argentina walanda mapiri a kufupi ndi Córdoba, ndipo mtundu wina, Ligustrum robustum, wavutitsa kwambiri zilumba za Mauritius ndi Réunion.

Ku South Africa nkhaniyi ili pansi pa lamulo la 2004 loteteza zachilengedwe limene amalifupikitsa kuti NEMBA, ndi mndandanda wa zomera zolanda malo umene unatuluka koyamba mu 2014. Mitundu inayi ija pamodzi ndi Ligustrum japonicum ili pa mndandandawo. M'zigawo zambiri, kuphatikizapo Gauteng ndi KwaZulu-Natal, ili mu gulu 1b, kutanthauza kuti n'kosaloledwa kubzala, kuchulukitsa kapena kugulitsa, ndipo mwini malo ali ndi udindo wothana nayo. M'zigawo zouma kumene sifalikira kwambiri ili mu gulu 3, kumene mtengo umene ulipo kale utha kukhala koma osabzala wina kapena kugulitsa. Ndiye bwana wa ku Pretoria uja sakupenga ayi, ngakhale kuti mukayenda m'masabebu akale a Johannesburg mupeza privet ali mbwee m'mayadi chifukwa anabzalidwa kalekale lamulo lisanabwere ndipo palibe amene amayenda khomo ndi khomo kuyendera. Udindo ndi wa mwini malo, osati wa wantchito wa m'gadeni, koma ngati mumapanga kabizinesi kogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, privet musamuikepo. Pozula, kudula kokha sikukwanira, pamafunika kukumba chitsa kapena kupaka mankhwala opha zomera pachitsa pompo mutangodula. M'malo mwake anthu kumeneko akubzala mitengo ya komweko monga plumbago, Cape honeysuckle, spekboom, num-num ndi Kei apple, iwiri yomalizayi ili ndi minga ndiye imathandizanso pa nkhani ya akuba.

Za poizoni ndi heji youma

Tizipatso ndi masamba a privet ndi owawa ndipo munthu akadya amatha kusanza, kutsegula m'mimba ndi kumva kupotokola, ndiye ana ang'ono ayenera kuyang'aniridwa, ndipo zometa za heji musataye kumene kuli mahatchi, nkhosa kapena ng'ombe chifukwa ziweto zimadwala nazo. Mbalame sizivutika nazo. Ku China zipatso za Ligustrum lucidum zimagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala azitsamba kuyambira kale, koma zimenezo ndi za asing'anga a kumeneko odziwa kakonzedwe kake, si chilolezo choti munthu akathyole pa heji n'kutafuna.

Heji ikayamba kuuma mtengo umodzi kenako wotsatira kenako wotsatira motsata mzere, ku UK woganiziridwa woyamba ndi bowa wotchedwa honey fungus, amene privet amagwidwa naye mosavuta. Mukasenda khungwa m'tsinde mumapeza zoyera ngati pepala zonunkha bowa, ndipo m'dothi mumakhala timizu takuda ngati zingwe za nsapato timene timayenda kupita ku mtengo wina. Mankhwala opopera palibe, chimene amachita n'kuzula mitengo yodwalayo ndi mizu yake pamodzi ndi yoyandikana nayo, n'kubzalapo mtundu wina wopirira.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Funso lalikulu ndi lakuti heji yometedwa bwino ndi yoopsa kapena ayi. Eni maheji amati ukameta kawiri katatu pa chaka maluwa sapezeka ndiye zipatso palibe, mbalame zilibe chonyamula, vuto lili pa mitengo yosiyidwa. Oteteza zachilengedwe amayankha kuti heji imakhala zaka makumi ambiri kuposa amene anaibzala, nyumba imagulitsidwa, mwini amakalamba, alendi amasinthana, ndipo chaka chimodzi chokha chosameta n'chokwanira kuti ibereke. Lamulo liyang'ane mtengowo kapena kasamalidwe kake?

Palinso nkhani ya mitundu yosabereka. Ku America akugulitsa privet wachikasu wotchedwa Sunshine amene amati satulutsa njere, ndipo a nazale amafuna mitundu yotereyi izichotsedwa pa mindandanda yoletsa, pomwe ena akuti privet wa mawangamawanga amadziwika kuti nthawi zina amatulutsa nthambi zobwerera ku mtundu wakale wobiriwira, ndiye ndani angatsimikize kuti kusabereka kumeneko n'kwamuyaya, komanso woyendera angasiyanitse bwanji wosabereka ndi wobereka pongoona masamba.

Za chimfine ndi mphumu nazonso sizinathe. Ku New Zealand ndi ku Australia anthu ambiri amadandaula kuti privet akachita maluwa amayetsemula ndi kubanika, koma ena amati mungu wake ndi wolemera wonyamulidwa ndi njuchi osati mphepo, ndiye mwina chimene chikuwapweteka ndi fungo lake lamphamvu kapena mungu wa udzu umene umauluka nyengo yomweyo.

Kenako pali funso la amene azilipira. Kuzula privet m'mphepete mwa mtsinje ndi ntchito ya zaka chifukwa amaphukaphuka, ku South Africa pulogalamu ya boma ya Working for Water yakhala ikulemba anthu ntchito yochotsa zomera zolanda malo kuyambira 1995 koma mitundu yoti achotse ndi yambirimbiri ndipo ndalama sizikwanira zonse. New Zealand inayesa njira ina mu 2015 potulutsa kachilombo kochokera ku China koyamwa masamba a privet kotchedwa privet lace bug, koma njira yotereyi ili ndi funso lake, kachilombo sikadziwa kusiyanitsa privet wa m'nkhalango ndi heji imene munthu akuikonda pakhomo pake, ndipo kumene amalima azitona, omwe ndi abale ake a privet, alimi amafuna chitsimikizo kaye kuti sikadzasamukira m'minda yawo. Ndipo m'madera amene privet walanda kale kwa zaka zambiri, mbalame zina zinazolowera kudya zipatso zake m'nyengo yozizira, ndiye akazulidwa onse nthawi imodzi mitengo yachilengedwe isanakule, mbalamezo zikadya kuti?